Mzere Wamasiye m'Dimba la Sukulu

Rosaria anali atangokhala miyezi iwiri m'chigwa cha Honde pamene ahedi, mayi Sipiwe, anamuitanira ku ofesi n'kumuuza mosapsatira kuti ntchito yake itha mu Ogasiti. Iye sanali mphunzitsi wa boma. Anamulemba ndi a komiti ya makolo kuti azithandiza kuphunzitsa sayansi pa sekondale ya pa esiteti ya tiyi, ndipo tsopano komitiyo inali itayamba kufunsa ngati akufunikadi.

"Makolo akudandaula, Madamu," anatero ahedi. "Akuti ana akubwera kunyumba yunifolomu ili matope okhaokha, koma m'makope muli mbee. Akuti ngati n'kulima, minda ali nayo kwawo."

"Si kulima, amayi," anayankha Rosaria. "Ndikufuna aphunzire kuyesa chinthu mwachilungamo. Mbewu ikakula bwino, mwana azidziwa chimene chayikulitsa, osangoganizira."

"Zimenezo a Onias akhala akuphunzitsa pabolodi zaka khumi ndi zinayi, ndipo palibe kholo linabwerapo kuno. Tichite chonchi. Inu muli ndi Fomu 2A, iwo ali ndi 2B. Teremu ino ikamatha, makalasi onse alembe mayeso amodzi. Anu akapambana, ndipita nazo ku komiti kuti mukhale. Akalephera, musadzandide."

Rosaria anatuluka mu ofesimo. Kuchoka pasukulupo kunatanthauza kubwerera ku Chipinge, kunyumba kwa mchimwene wake Tongai, kumene asanapeze ntchitoyi ankagona pabalaza, pakati pa sofa ndi firiji. Makolo awo, amene anakalambira m'mizere ya tiyi ya kumeneko, anali atamwalira onse. Kuno ku Honde anali ndi kachipinda kakekake, kiyi wake ali m'thumba, ndipo sankafuna kukataya.

Sikuti moyo wa kuno unali wokoma kwambiri. M'chipinda cha aphunzitsi anzake ankayankhula Chimanyika chothamanga, ndipo iye akaponyapo mawu ndi Chindau chake cha ku Chipinge, ankamuseka. Atamva kuti agogo ake anachokera ku Mulanje, anayamba kumutchula kuti "achimwene", ngakhale anali mkazi. Sankachita mwankhanza, koma nthabwala ikabwerezedwa tsiku ndi tsiku imatopetsa. Rosaria anazolowera kumwera tiyi wake kudimba la sukulu, atakhala pa ndowa yovundikira.

Kudimba komweko ndi kumene anapeza munthu wocheza naye. Tsiku lina anamva mawu kuseri kwa mpanda akukalipira nkhuku: "Choka apo iwe, wakuba wopanda manyazi!" Chinali Chinyanja chenicheni, chonga chimene ankayankhula bambo ake. Anasuzumira, naona mkulu wina wa imvi akuthamangitsa tambala ndi tsache. Anali a Tobiyasi, amene anagwira ntchito ya ukapitawo ku nazale ya tiyi kwa zaka makumi atatu. Mkazi wawo anamwalira, ana ali ku Joni, ndipo iwo ankakhala okha m'nyumba yomaliza ya mukomboni.

"Mwaswera bwanji, agogo?" anatero Rosaria.

Mkuluyo anaima, tsache lili m'mwamba. "Mwana iwe, bwereza. Chichokereni mayi a kunyumba kuno, Chinyanja ndimangoyankhula ndi nkhuku."

Kuyambira tsiku limenelo, Rosaria akaweruka ankadutsira pampandapo.

Rosaria ndi a Onias ankasiyana ngati mchere ndi shuga. A Onias ankalowa m'kalasi ndi choko, n'kulemba mizere itatu: sintha chinthu chimodzi chokha, zina zonse zikhale zofanana, siya mbali ina osaikhudza kuti uyerekezere. Ana ankakopera, kenako n'kuloweza mokweza mpaka mawindo kunjenjemera. Munthu wodutsa panja akanaganiza kuti ndi kwaya.

"Madamu, ndikuuzeni ngati mkulu wanu," anatero a Onias tsiku lina atakumana ndi Rosaria atanyamula makasu. "Mayeso salembedwa ndi khasu. Apatseni manotsi, aloweze, akhoze. Zinazi mukungodzitopetsa."

Rosaria sankafuna n'kumva komwe za manotsi. Ku koleji anawerenga kuti mwana amasunga bwino chimene wadzipezera yekha, ndipo mfundoyi anaigwira ngati vesi. Choncho ana ake sankawauza lamulo lililonse. Anawapatsa mbande za repu, mabedi, ndi zinyalala za tiyi zochokera ku fakitale, n'kuwafunsa funso limodzi: kodi zinyalalazi zimathandiza repu kukula? "Pezani nokha," anatero, manja ali m'chiuno, akudzimva kuti ndi mphunzitsi wamakono.

Ana anasangalala, chifukwa palibe mwana amadana ndi kutuluka m'kalasi. Koma zimene ankachita m'mabedimo zinali za chipwirikiti. Gulu lina linathira zinyalala pabedi la padzuwa, n'kusiya la pansi pa nthochi lopanda kanthu. Lina linkathirira kawiri patsiku bedi limene linkalikonda. Gulu la mtsikana wina wodekha dzina lake Nokutenda ndi lokhalo limene linakonza mizere iwiri yofanana, wina wa zinyalala, wina wopanda. Rosaria ataona zimenezi mtima unakhala pansi, nati nayu umboni woti njira yake ikugwira.

Patapita milungu iwiri, mzere wopanda zinyalala uja unayamba kuoneka wachikasu. M'mawa wina belu lisanalire, a Tobiyasi anaona Nokutenda atagwada pamzerewo, akukhuthula manyowa a nkhuku amene anabwera nawo m'pepala la shuga.

"Ukutani pamenepo, mdzukulu?"

Mtsikanayo anadzidzimuka. Bambo ake anali Mnyanja, mayi ake Mmanyika, ndiye ankayankha mosakaniza, agogo n'kumawatchula kuti sekuru. "Maiwe, sekuru, mwandiopsa! Ndangoumvera chisoni. Winawu ukudya, uwu ukungoyang'ana. Amai amati sudya mnzako akukuyang'ana."

A Tobiyasi anaseka mpaka kutsokomola, koma sanamukalipire. Mukomboni mwana aliyense amakula ndi lamulo limenelo: ukakhala ndi chinangwa chimodzi, umanyema. Nokutenda anangochita zimene analeredwa nazo. Pakutha pa mwezi mizere yonse iwiri inali yobiriwira mofanana, ndipo gulu lake linalemba kuti zinyalala za tiyi sizithandiza kanthu. Rosaria sanadziwe za manyowawo, ndipo anawachongera.

Mayeso anafika kumayambiriro kwa Epulo. Rosaria ndiye anakonza mafunso, poti a Onias anati alibe nthawi. Aliyense anachonga mapepala a kalasi yake. Zotsatira zitatuluka, mu 2A anakhoza ana 24 mwa 32, pamene mu 2B anakhoza 12 okha mwa 35. A Onias anangoti "Makorokoto, Madamu," kumuyamikira ndi pakamwa pokha, n'kutuluka. Ahedi anati pepalalo alipereka ku komiti sukulu ikatsegulira mu Meyi.

Rosaria analibe wina womuuza nkhani yabwinoyi, ndiye anathamangira kumpanda. Anapeza a Tobiyasi akusoka dengu lakale lothyolera tiyi. Anawawerengera manambala aja kawiri, ali ndi chimwemwe chodzaza tsaya. Akulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Zakoma," anatero mkuluyo osakweza mutu. "Tandiuza, ana a mu 2A amasankhidwa bwanji?"

"Ndi amene anakhoza bwino mu Fomu 1."

"Ehe. Nanga sayansi amaphunzira nthawi yanji?"

"M'mawa. A 2B amaphunzira masana."

"Masana a kuno, malata akuthetheka. Nanga miyezi ino ya mvula, tiyi ataphukira, ndi ana ati amajomba kukathandiza makolo kuthyola m'minda yawo ya kumapiri?"

"Ambiri ndi a 2B."

"Mafunso anakonza ndani?"

"Ndine," anatero Rosaria. A Tobiyasi anaika dengu pansi.

"Ndikuuze za ku nazale. Chaka china kunabwera munthu ndi mankhwala oti timitengo ta tiyi tizimera mizu msanga. Bwana anawakonda. Tinawathira pa timitengo todula ku zitsamba zabwino za tiyi, tinatiika pafupi ndi thanki, pamthunzi wabwino. Topanda mankhwala tinali totsala, tinakatiika kumapeto kumene paipi safika. Ta mankhwala tinamera, enafe tinavina. Chaka chotsatira tinathira nazale yonse, ndipo sitinaone kusintha kulikonse. Chinameretsa mizu chinali chiyani, mankhwala, madzi, mthunzi kapena zitsambazo? Mpaka lero palibe akudziwa. Kuyambira pamenepo, chatsopano chikabwera, ndinkasakaniza timitengo tonse m'dengu limodzi, n'kugawa osayang'ana. Madzi amodzi, mthunzi umodzi. Ndipo mzere umodzi ndinkausiya osauthira kanthu, n'kuumangira kansanza kofiira. Anyamata ankautcha mzere wamasiye. Umamvetsa chisoni, koma ndi umene umanena zoona."

Kenako anamuuza za Nokutenda ndi manyowa a nkhuku. "Mwanayo anadyetsa wamasiye wake chifukwa palibe anamuuza ntchito ya mzerewo. Iwenso watenga mbande zonenepa, wazibzala pafupi ndi thanki, ndiye ukuti njira yako yapambana."

Rosaria anapsa mtima kwambiri, makamaka chifukwa anadziwa kuti mkuluyo sakunama. "Ndiye mukufuna ndichoke, agogo? Mukudziwa kumene ndikagone ndikachoka kuno?"

"Ukachoka, ine ndibwerera kwa nkhuku zanga," anatero a Tobiyasi motsitsa mawu. "Usaganize kuti ndikunena izi mokondwa. Koma wabwera wekha kudzandionetsa, ndipo ine bodza la m'nazale ndimalidziwa."

Pa tchuthi cha Epulo Rosaria anakhala pasukulu yekha. Aphunzitsi onse anapita kwawo, makalasi anatsekedwa, ndipo kumpanda kuja sanapiteko masiku asanu ndi anayi. Ankadzuka, kusesa kachipinda kake, n'kukhala pakhomo kuyang'ana nkhungu ikutsika m'mapiri. Anali wosungulumwa kuposa kale lonse. Pepala la zotsatira linali patebulo, ndipo akaliyang'ana ankaona manambala okoma amene sakutanthauza kanthu.

Anaimbira foni Tongai n'kumufotokozera zonse.

"Sisi, mwapenga?" anatero mchimwene wakeyo. "Ahedi akufunsani? A komiti akufunsani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pepala lili m'manja mwanu, khalani chete. Komanso ndinene zoona, kuno malo kulibe, mlamu wanu akuyembekezera."

Malangizowo anali okoma kumva, ndipo Rosaria anawasunga masiku angapo. Chimene chinamusowetsa mtendere ndi Nokutenda. Mwana wanzeru chotero anatha teremu yonse m'dimba, n'kutulukamo akukhulupirira yankho lolakwa, mphunzitsi wake atamuchongera. Ngati njira yake inali ndi bowo lotere, ndiye kuti chaka chamawa adzadutsamo ana ena makumi atatu. Angaimirire bwanji kutsogolo kwa kalasi kuphunzitsa kuyesa mwachilungamo, iye mwini atakhalira ntchito pa muyeso wokondera?

Tsiku lotsegulira sukulu analowa mu ofesi ya ahedi a Onias ali momwemo.

"Amayi, pepala lija musapite nalo ku komiti. Silikunena zoona." Anafotokoza zonse, za ana osankhidwa, za m'mawa ndi masana, za kujomba, za mafunso amene anakonza yekha.

Ahedi anavula magalasi. "Madamu, mukudziwa kuti mukudzitchera msampha nokha?"

"Ndikudziwa. Ndikupempha tiyesenso, koma bwinobwino."

A Onias anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. Iwo zonsezi anali atazidziwa kale mumtima, koma anaopa kuti akanena adzaoneka ansanje.

Ulendo uno anachita monga a ku nazale. Anaika zitsekerero za mabotolo m'ndowa, zofiira ndi zobiriwira, ndipo mwana aliyense wa 2A ndi 2B anatola chimodzi atatsinzina. Ofiira 33 anapita kwa a Onias, obiriwira 34 kwa Rosaria. Magulu onse ankaphunzira nthawi imodzi, Lachitatu m'mawa, maphunziro asanu ndi limodzi. Mafunso anakonza ahedi, ndipo anachonga ndi mphunzitsi wa masamu, amene anangopatsidwa manambala a ana popanda maina, kuti asadziwe wa uyu ndi uti. Mayesowo sanali olemba okha. Mwana aliyense anapatsidwa zitini, dothi la mitundu iwiri ndi madzi, n'kuuzidwa kuti akonze njira yodziwira dothi limene limasunga madzi nthawi yaitali.

Zimene zinaoneka tsiku limenelo zinachititsa manyazi aphunzitsi onse awiri. Ana a Onias ankanena lamulo lonse osapumira, kenako n'kutenga chitini chachikulu ndi chaching'ono, osaona vuto. Ana a Rosaria ankagwira zipangizo molimba mtima ngati akatswiri, koma ambiri ankasintha dothi, n'kusinthanso madzi, wina mpaka kuika chitini chimodzi padzuwa. Kwa a Onias anakhoza 13. Kwa Rosaria anakhoza 10.

Komiti inakumana sabata yomweyo. Ahedi anaitana Rosaria n'kumuuza maso ali pansi kuti pangano ndi pangano, ntchito itha mu Ogasiti. Rosaria anangoti, "Zikomo, amayi." Anapita kuchipinda kwake, natseka chitseko, nalira.

Loweruka m'mawa kunamveka kugogoda. Chibwerereni ku Honde palibe mphunzitsi anagogodapo pachitseko chimenecho. Anali a Onias, chipewa chili m'manja.

"Madamu, akuti ndapambana," anatero. "Ana 13 mwa 33, patatha zaka khumi ndi zinayi. Kupambana kotani kumeneko? Ndakhala ndikuphunzitsa nyimbo. Tiyeni kwa sekuru anu aja, ndikawafunse."

Anawapeza a Tobiyasi akuwazira nkhuku madeya. A Onias anawomba m'manja mwaulemu, nafunsa mmene ankaphunzitsira antchito atsopano ku nazale, anthu oti ambiri sanapite n'komwe kusukulu.

"Sindinkayamba ndi lamulo, komanso sindinkawataya m'tchire kuti adzipezere okha," anatero mkuluyo. "Ndinkayamba ndi kuwaonetsa ntchito yowonongeka. Mizere iwiri, wina wa feteleza uli pamthunzi, wina wopanda uli padzuwa. Ndiye ndimafunsa, chakulitsa uwu n'chiyani? Wina ati feteleza, wina ati mthunzi, amakangana mpaka thukuta. Akatopa n'kuvomera kuti sizingadziwike, pamenepo mutu watseguka. Ndiye ndimawauza lamulo, momveka, osabisa: sintha chimodzi, zina zisiye, ndipo wamasiye usamudyetse, chifukwa ndiye mboni yako. Ndikatero ndimawapatsa khasu. Akamagwira ndimazungulira ndi funso limodzi lokha: ukudziwa bwanji? Inu aphunzitsi muli ndi lamulo lopanda khasu. Mdzukulu wangayu ali ndi khasu lopanda lamulo. Ndiye mumafuna ana atani?"

A Onias anaseka, Rosaria nayenso anaseka, koyamba m'masiku ambiri.

Kunatsala milungu itatu. Anaphatikiza ana onse 67 n'kuwaphunzitsa limodzi kudimba. Rosaria ankakonza miyeso yolakwika dala, ana n'kumakangana kuti cholakwika chili pati. A Onias ankabwera ndi mizere yawo itatu ija, ndipo tsopano ana ankaimva ngati yankho la funso limene lawavutitsa. Kenako aliyense ankakonza muyeso wake, mbali yosakhudza ija n'kuimangira kansanza kofiira monga ku nazale. Tsiku lina Rosaria anafunsa chifukwa chake mbali ina imasiyidwa osaikhudza, ndipo Nokutenda anaimika dzanja pang'onopang'ono.

"Madamu, ndine ndinathira manyowa pamzere uja teremu yatha. Ndimaona ngati ndikuuthandiza. Koma ndiye ndinaphimba yankho, eti?"

"Unaphimba yankho," anatero Rosaria. "Koma wolakwa ndine. Sindinakuuze ntchito ya mzerewo. Mtima wako wogawana usausiye, uli ndi malo ake. Pa muyeso pokha, chisoni chimabisa zoona."

Pa mayeso omaliza, a funso latsopano lokhudza kumera kwa nyemba, anakhoza ana 51. A Onias analowa m'chipinda cha aphunzitsi akukupiza pepala. "Madamu, tiyeni kwa ahedi! Apa komiti iyenera kubweza mawu. Umboni ndi uwu, njira ya sekuru yaposa zonse!"

Rosaria analandira pepalalo. Ankalifuna ndi mtima wake wonse.

"Ayi, a Onias. Ana awa aphunzira mutu umenewu katatu tsopano. Mwina yathandiza ndi njirayi, mwina n'kubwereza chabe. Tingadziwe bwanji? Chaka chamawa mudzayese ndi ana atsopano, mudzawagawe ndi zitsekerero, gulu lina njira yakale, lina yatsopano. Mukadzapeza yankho, mudzaphunzitse onse njira yopambanayo, pasadzakhale mwana wotsalira. Pamenepo mudzakhala ndi chonena ku komiti."

A Onias anakhala pansi. "Achimwene inu," anatero, ndipo ulendo uno dzinalo linamveka mwaulemu, "mwatiphunzitsa tonse."

A Onias anapitabe kwa ahedi kukamuyankhulira Rosaria, koma komiti inali itagamula kale. Chimene mayi Sipiwe anatha kuchita ndi kulemba kalata yomuchitira umboni, yopita kwa mnzawo amene amayang'anira sukulu ina kufupi ndi nkhalango ya Chirinda. M'kalatamo analemba kuti mphunzitsiyu anabweza chipambano chimene sichinali chake. Ngati kumeneko kudzapezeke malo, palibe ankadziwa.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, Rosaria anapereka kiyi wa kachipinda kaja, napita kumpanda ndi chikwama chake. A Tobiyasi anali atavala jekete la kutchalitchi, ngakhale linali Lachinayi.

"Agogo, mukanakhala chete tsiku lija, bwenzi ndili pompano."

"Ndikudziwa, mwanangu. Ndakhala ndikudzifunsa ngati ndinachita bwino." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Pita bwino. Ukapeza wina woyankhula naye Chinyanja kumeneko, usamunyalanyaze."

"Nanga inu muziyankhula ndi ndani?"

"Aphunzitsi aja, a Onias, ati azibwera Loweruka kudzafunsa za nazale. Chinyanja chawo n'chothyokathyoka, koma aposa tambala."

Kombi, minibasi yopita ku tauni ya Hauna, inanyamuka itadzaza nthochi ndi anthu osawadziwa. Rosaria anakhala pawindo, kalata ili pachifuwa, mtima uli wolemera. Atatsika chitunda chachiwiri, pafupi ndi kamtsinje, anaona dimba la repu m'mbali mwa msewu. Mayi wina anaima ndi ndowa ya manyowa, akuloza mzere wakumapeto umene unali wofooka kuposa inzake. Kutsogolo kwa mzerewo kunaima Nokutenda, manja atatambasula, akuwatsekereza mayi ake kuti asathire. Pakamtengo ka pamzerepo panali patamangidwa kansanza kofiira.

Mtsikanayo sanaione kombiyo, anali wotanganidwa ndi kufotokozera mayi ake. Rosaria anatembenuka n'kumayang'anabe mpaka zitsamba za tiyi zinaphimba dimbalo.

Phunziro: Pophunzitsa ana kuyesa zinthu, kuwalowezetsa lamulo kokha sikukwanira, ndipo kuwasiya kuti adzipezere okha sikukwaniranso. Aonetseni muyeso wolakwika, auzeni lamulo momveka, kenako apatseni mpata wochita ndi manja awo. Nafenso akuluakulu, tikafuna kudziwa njira yabwino, tiyese mwachilungamo ndi kuvomereza yankho, ngakhale litatiwawa.